Moyo wa mayi wa Chimormon pa ulendo wa ku Utah ndiponso atafika kumeneko

Nachisale analemba kuti:

Ndakhala ndikuwerenga mbiri ya anthu a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a M'masiku Otsiriza, amene ambiri timawadziwa kuti Amormon, makamaka za msamuko wawo kuchoka ku Nauvoo m'chigawo cha Illinois kupita ku chigwa cha Salt Lake, kumene lero kuli Utah. Zambiri zimene ndapeza zikukamba za amuna: Joseph Smith, woyambitsa mpingowu, amene anaphedwa m'ndende ya Carthage mu 1844, Brigham Young amene anatsogolera ulendowo, ndi amuna 143 a gulu loyamba limene linalowa m'chigwacho mu Julayi 1847. M'gulu limenelo munali akazi atatu okha ndi ana awiri, komabe pomwe njanji inkafika mu 1869, anthu pafupifupi 70,000 anali atadutsa njira imeneyi, ndipo ochuluka mwa iwo anali amayi ndi ana awo. Ndikupempha amene mukuidziwa bwino mbiriyi kuti mundithandize pa zinthu ziwiri. Kodi tsiku la mayi wotere linkayenda bwanji, kuyambira m'mamawa mpaka pogona? Nanga amayiwa anapita mwa kufuna kwawo, kapena ankangotsatira zimene amuna awo ndi atsogoleri a mpingo anagamula?

Bambo Mwale anayankha kuti:

Mayi Nachisale, ndiyesa kuyankha funso loyambalo, chifukwa lachiwiri lija ndi lolemera ndipo ena alidziwa kuposa ine.

Chigawo choipitsitsa cha ulendowu sichinali cha kumapiri ayi, chinali choyambirira. Anthu anayamba kuwoloka mtsinje wa Mississippi mu Febuluwale 1846, kuzizira kuli pachimake, kenaka mvula inagwa ndi kusandutsa dziko la Iowa kukhala matope okhaokha, moti mtunda wa makilomita pafupifupi 500 unawadyera miyezi yoposa inayi, chikhalirecho chaka chotsatira gulu loyamba lija linayenda makilomita oposa 1,600 m'masiku 111 okha. Amayi apakati ankachirira m'ngolo kapena m'mahema odontha. Atafika ku mtsinje wa Missouri, boma la America linapempha asilikali okamenya nkhondo ya ku Mexico, ndipo mu Julayi 1846 amuna pafupifupi 500 anachoka, kusiya akazi awo ndi ngolo, ng'ombe ndi ana. Pamsasa wa Winter Quarters, pafupi ndi pamene pali mzinda wa Omaha lero, anthu mazanamazana anatsikira kuli chete ndi malungo komanso matenda otupitsa nkhama ndi kudetsa miyendo chifukwa chosowa masamba ndi zipatso, ndipo ambiri mwa omwalirawo anali ana aang'ono.

Pa ulendo weniweni wodutsa m'zidikha, anthu ankagawidwa m'magulu a 100, a 50 ndi a 10, gulu lililonse ndi kapitawo wake. M'gulu loyamba lipenga linkalira 5 koloko m'mawa, ngolo n'kunyamuka 7 koloko, ndipo magulu otsatira ankayenda mofananako. Tisaganize kuti mayi ankakhala phee m'ngolo: ngoloyo inkadzaza ufa wa tirigu, mbewu, makasu ndi zofunda, motero aliyense wotha kuyenda ankayenda wapansi pambali pa ng'ombe, makilomita 20 kapena 30 pa tsiku. M'mbali mwa mtsinje wa Platte munalibe mitengo, choncho madzulo akamayandikira amayi ndi ana ankatolera ndowe zouma za njati za kumeneko m'nsalu zawo kuti akakolezere moto. Mkaka wokama m'mawa ankauthira m'chidebe n'kuchipachika pangolo, ndipo kugwedezeka kwa tsiku lonse kunkautembenuza batala pofika madzulo. Pafupi ndi mtsinje wa Sweetwater ankapala soda woyera amene amauma m'mphepete mwa maiwe n'kumatupitsira buledi. Amuna akamasula ng'ombe m'goli n'kupumulako, mpamene ntchito ya mayi inkayamba mwatsopano: kuphika, kuphikiratu cha mawa, kusoka zong'ambika, kuyang'anira odwala, ndipo pa tsiku limene gulu laima pafupi ndi madzi, kuchapa.

Pakati pa 1856 ndi 1860 panabwera njira ya anthu osauka, ambiri ochokera ku Britain ndi ku Scandinavia, amene sakanatha kugula ng'ombe. Iwowa ankakoka ndi manja tingolo ta mawilo awiri, ndipo wamkulu aliyense ankaloledwa katundu wa mapaundi 17 okha, osakwana makilogalamu 8, kuphatikizapo zovala ndi zofunda. Magulu khumi, anthu pafupifupi 3,000, anayenda motere, ndipo asanu ndi atatu anafika popanda tsoka lalikulu. Awiri a 1856, la Willie ndi la Martin, otchedwa ndi mayina a akapitawo awo, ananyamuka mochedwa. Gulu la Martin, pofuna kupepuza tingolo, linatentha zofunda zina pa kamtsinje ka Deer Creek, ndipo patangopita masiku awiri, pa 19 Okutobala, chipale chofewa chinayamba kugwa iwo akuwoloka mtsinje wa North Platte komaliza. Ufa, umene poyamba unali paundi imodzi pa munthu pa tsiku, unatsika mpaka kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi a paundiyo. Elizabeth Jackson, mayi wa ana atatu, anafotokoza pambuyo pake kuti usiku wina anakhudza mwamuna wake Aaron n'kumupeza atazizira, anaitana anzake a m'hemamo koma panalibe amene akanachitapo kanthu mumdimamo, ndipo anagona pambali pa mtembowo mpaka kucha. Anthu oposa 200 mwa pafupifupi 1,000 anafera m'njira. Uthenga utafika ku Salt Lake pa nthawi ya msonkhano waukulu wa mpingo, amayi ena anavula masokosi ndi zovala zawo zamkati zofunda pomwepo n'kuziponya m'ngolo zopita kukapulumutsa anthuwo.

Mayi Nabanda anayankha kuti:

Bambo Mwale afotokoza bwino, koma ndikuopa kuti tikamangoyang'ana ulendowo tiphonya moyo weniweni wa amayiwa. Ulendo unali wa miyezi itatu kapena inayi, pomwe mayi amene anafika ali ndi zaka 25 anali ndi zaka zina 40 kapena 50 zoti akhale m'dziko louma lija, ndipo chimene ndimachiona mobwerezabwereza m'zolemba zawo n'chakuti mwamuna m'nyumba munalibe. Akapanda kukhala ku usilikali anali ku utumiki wa mpingo kutsidya kwa nyanja, akapanda kutero anali kwa mkazi wina wa mitala, ndipo m'zaka za m'ma 1880 anali kobisala kapena kundende chifukwa cha mitalayo. Louisa Barnes Pratt ndi chitsanzo: mwamuna wake Addison anatumidwa ku zilumba za m'nyanja ya Pacific mu 1843, ndipo mayiyu anachoka ku Nauvoo yekha ndi ana ake aakazi anayi, n'kudzaonananso ndi mwamunayo mu 1848. Mary Fielding Smith, mkazi wamasiye wa Hyrum Smith, mkulu wake wa Joseph Smith, anadutsa zidikha mu 1848 mwana wake wa zaka 9 akukusa ng'ombe za ngolo, ndipo mwanayo, Joseph F. Smith, ndi amene anadzakhala mtsogoleri wa mpingo mu 1901.

Atafika, nyumba zoyamba zinali za zidina kapena mitengo, denga lake lafulati lothira dothi, chifukwa anthu ankaganiza kuti dzikolo silidziwa mvula. Mvula itagwa kumayambiriro kwa 1848, matope ankadontha kuchokera kudenga ngakhale kunja kutasiya kale, ndipo amayi ankaphika atagwira ambulera m'dzanja limodzi. Chaka chomwecho tizilombo tonga nkhululu tinagwera mbewu, ndipo ngakhale mbalame za kunyanja zinabwera kudzatidya, chakudya chinaperewerabe, moti mabanja ankakumba mizu ya mitula ndi timizu ta duwa lotchedwa sego, limene lero ndi duwa la boma la Utah. Chilichonse chinkachokera m'manja mwa mayi: sopo wa mafuta a nyama ndi madzi otcheza m'phulusa, makandulo a mafuta a ng'ombe, ulusi wopota kuchokera ku ubweya wa nkhosa, zipewa za mapesi a tirigu. Ndipo chowawa kwambiri, kwa ine, n'chakuti nyumba ikangoyamba kuoneka ngati nyumba, mitengo ya zipatso itayamba kubala, dzina la banjalo linkatha kuwerengedwa pamsonkhano kuti lasankhidwa kukatsegula mudzi watsopano. Mu 1861 mabanja oposa 300 anatumidwa kumwera kukalima thonje kumene kuli St. George, dziko lotentha la dothi lofiira, kumene ambiri anayambira m'ngolo ndi m'maenje ofolera. Mu 1858, asilikali a boma la America akubwera, anthu pafupifupi 30,000 anasiya nyumba zawo n'kulowera kumwera, atasiyamo udzu wouma kuti zitenthedwe ngati asilikaliwo atafuna kuzilanda.

Popeza ndinagwirapo ntchito ya uzamba, munthu amene ndimabwererako kawirikawiri ndi Patty Sessions, amene anabadwa mu 1795 ndi kumwalira mu 1892. Mu 1847, ali ndi zaka 52, anayendetsa yekha ngolo yake pafupifupi njira yonse, akuitanidwa usiku kukathandiza amayi ochira, ndipo patangopita masiku awiri chifikireni m'chigwamo anathandiza Harriet Young, mmodzi wa akazi atatu a gulu loyamba aja, kuchira mwana wamwamuna. Pa moyo wake wonse anabereketsa ana 3,977. Buku lake la tsiku ndi tsiku lilibe mawu okometsera: amalemba kuti wachiritsa uje, wachapa, wapota ulusi, wathirira dimba, wagulitsa zipatso, ndipo amalemba amene wamulipira ndi amene ali naye ngongole. Malipiro ake kawirikawiri ankakhala madola awiri, ndipo nthawi zambiri ankabwera ngati ufa, nkhuni kapena ntchito. Amene anadzutsidwapo pakati pa usiku kukagwada pambali pa mayi wovutika, nyale ili yofooka, amamvetsa chifukwa chake mizere yake ndi yaifupi chotero. Mayi yemweyu anasunga ndalama mpaka kumanga sukulu yake ku Bountiful m'zaka za m'ma 1880, kumene ana a anthu osauka ankaphunzira kwaulere. Komabe m'buku lomwelo, m'masamba a 1846, muli kulira kwake chifukwa cha Rosilla, mkazi wamng'ono wa mwamuna wake David, amene sankamvana naye ngakhale pa zophika ndi zodyera pamodzi, mpaka Rosilla uja anachoka.

Bambo Gondwe anayankha kuti:

Mayi Nabanda mwakhudza mitala kumapeto kwenikweni, pomwe ine ndikuona kuti funso lachiwiri la Mayi Nachisale lagona pamenepo. Kodi tinganene kuti munthu wasankha, ngati zina sanauzidwe? Mitala inayamba mwachinsinsi m'masiku a Joseph Smith, ndipo atsogoleri ankaikana pagulu mpaka mu Ogasiti 1852, pamene mmodzi wa iwo, Orson Pratt, anailengeza poyera ku Salt Lake. Izi zikutanthauza kuti mtsikana amene anabatizidwa ku Liverpool kapena ku Copenhagen zaka zimenezo zisanafike ankatha kudzaidziwa nkhaniyi ali kale kutali ndi kwawo. Kuyambira 1849 panalinso thumba la mpingo lobwereketsa ndalama za ulendo, lotchedwa Perpetual Emigrating Fund, motero ambiri ankafika ali ndi ngongole, opanda wachibale, mtunda wa makilomita oposa 1,000 kuchokera kumene akanathawirako. Helen Mar Kimball anamangitsidwa ukwati ndi Joseph Smith ali ndi zaka 14. Brigham Young anali ndi akazi oposa 50. Emma Smith, mkazi woyamba wa Joseph ndiponso mtsogoleri woyamba wa bungwe la amayi la Relief Society mu 1842, anadana nayo mitala ndipo sanapite nawo kumadzulo konse, anatsala ku Nauvoo.

Kuti ndisakondere, ndivomereze kuti mabanja ambiri sanali a mitala, ndipo mwa amuna amitala ochuluka anali ndi akazi awiri okha. Ndivomerezenso kuti kuthetsa banja kunali kosavuta kwa mkazi wa ku Utah poyerekeza ndi madera ena a America, moti Brigham Young mwini wake anavomereza zisudzulo zoposa 1,600. Koma chiwerengero chimenechi chikuonetsanso kuti amayi ambiri sanapezemo mtendere.

Pali amayi enanso amene sitinawatchule. Chigwa chija sichinali chopanda anthu, munali a Ute, a Shoshone, a Paiute ndi a Goshute, ndipo ngalande iliyonse yothirira munda wa mlendo inkachotsa madzi, nsomba ndi mbewu zakuthengo zimene mayi wa mitundu imeneyi ankadyetsera ana ake. Mu Febuluwale 1850 asilikali a Chimormon anapha amuna a Chiute pafupi ndi Provo, ndipo akazi ndi ana otsala anagawidwa m'nyumba za ku Salt Lake. Mu 1852 nyumba ya malamulo ya Utah inaloleza kusunga ana a eni nthakawo ngati antchito kwa nthawi yofika zaka 20. Choncho m'khitchini ya mayi amene tikumumvera chisoniyu munkatha kukhala mtsikana wa Chipaiute akutsuka mbale, amene mbiri yake palibe anailemba. Palinso Jane Manning James, mayi wachikuda amene anayenda wapansi makilomita oposa 1,200 kupita ku Nauvoo mu 1843 ndi kufika ku Salt Lake mu 1847. Mu 1849, mwamuna wa mayi wina, Eliza Lyman, atatumidwa ku California n'kusiya banja lopanda ufa, Jane anapatsa Eliza mapaundi awiri a ufa, theka la umene iye anali nawo. Mayi yemweyu anapempha kangapo kuti aloledwe kulandira miyambo ya m'kachisi, ndipo anakanizidwa chifukwa cha khungu lake mpaka kumwalira kwake mu 1908.

Nachisale analembanso kuti:

Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Koma tsopano ndasokonezeka pa chinthu china. Ndawerenga kuti amayi a ku Utah anayamba kuponya voti mu 1870, zaka 50 amayi a dziko lonse la America asanapatsidwe ufulu umenewu. Zikugwirizana bwanji ndi zimene Bambo Gondwe afotokozazi?

Mayi Nabanda anayankhanso kuti:

Mayi Nachisale, mwawerenga zoona. Wyoming, dera loyandikana ndi Utah, ndiyo inayamba kukhazikitsa lamulo lopatsa amayi voti mu Disembala 1869, koma chisankho chinayamba kuchitika ku Utah, ndipo pa 14 Febuluwale 1870 mphunzitsi wina wachitsikana, Seraph Young, anaponya voti yoyamba. Anthu ena a kum'mawa ankayembekeza kuti amayiwa akapatsidwa voti adzagwetsa mitala, pomwe atsogoleri a mpingo ankadziwa kuti sizidzatero, ndipo anaona mwayi woonetsa dziko kuti akazi awo si akapolo. Mwezi umodzi izi zisanachitike, amayi masauzande angapo anasonkhana ku Salt Lake kutsutsa bilu ya ku Washington yofuna kulanga amitala. Boma la America litaona kuti voti ya amayi ikulimbitsa mpingo, linawalanda ufuluwo mu 1887 kudzera m'lamulo la Edmunds-Tucker, ndipo anaupezanso mu 1896 pamene Utah inasanduka boma lokwanira, patapita zaka zisanu ndi chimodzi mtsogoleri wa mpingo Wilford Woodruff atalengeza kuti mpingo wasiya kumangitsa maukwati a mitala.

Sindikutsutsa zimene Bambo Gondwe anena, koma ndikuona kuti kusowa kwa mwamuna m'nyumba, kumene kunali mtolo wawo, n'kumenenso kunawaphunzitsa kugwira ndalama, munda ndi msonkhano. Relief Society itadzutsidwanso kumapeto kwa zaka za m'ma 1860 pansi pa Eliza R. Snow, amayi anamanga nyumba zawo za misonkhano, anatsegula masitolo, ndipo kuyambira 1872 mpaka 1914 ankasindikiza nyuzipepala yawo, Woman's Exponent, imene Emmeline B. Wells anaiyendetsa kuyambira 1877. Mayi yemweyo anapatsidwa ntchito yosunga tirigu mu 1876, ndipo amayi ankakunkha ngala zotsalira m'minda, ena ankagulitsa mazira oikira Lamulungu n'kugula tirigu, mpaka nkhokwe zawo zinadzagulitsa tirigu wochuluka ku boma la America mu 1918, pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ena ankaweta mbozi za silika m'zipinda zawo zogona, kuzidyetsa masamba a mabulosi usana ndi usiku, ngakhale kuti ntchito imeneyi sinapindule kwenikweni. Ellis Shipp anapita ku Philadelphia mu 1875 kukaphunzira udokotala, ana ake atatu atawasiya m'manja mwa akazi anzake a m'nyumbamo, ndipo anamaliza mu 1878 ali ndi khanda limene anachira maphunziro ali mkati. Kodi akanapita popanda akazi anzakewo? Ndikukayika. Kodi izi zikutanthauza kuti mitala inamukomera? Zolemba zake zimaonetsa munthu amene ankalimbana ndi nsanje ndi kusungulumwa, akudziuza kuti kupirira n'kumene Mulungu akufuna.

Pa funso lanu loti anasankha kapena ayi, ndinganene kuti ambiri anakhulupiriradi, ena anabatizidwa makolo kapena amuna awo akukana, ndipo boma litayamba kumanga amuna oposa 1,000 pambuyo pa lamulo la Edmunds la 1882, amayi ena anakana kuchitira umboni. Belle Harris anakhala m'ndende miyezi yoposa itatu mu 1883, khanda lili m'manja, chifukwa chokana kuyankha mafunso a khoti okhudza mwamuna amene anali atasudzulana naye kale. Koma kusankha kwawo kunali mkati mwa mpanda umene sanaumange iwo, ndipo amene anatopa n'kubwerera kum'mawa kapena kupita ku California sitimawamva kwambiri, chifukwa makalata ndi mabuku amene anasungidwa ndi a amene anatsala.

Martha Hughes Cannon akuonetsa zonsezi m'moyo umodzi. Anabadwira ku Wales mu 1857, anadutsa zidikha ali kamwana, anaphunzira udokotala ku Michigan, ndipo anagwira ntchito pachipatala cha Deseret chimene amayi anatsegula mu 1882. Anakwatiwa mwachinsinsi ndi Angus Cannon ngati mkazi wachinayi, ndipo mu 1886 anathawira ku England ndi mwana wake wakhanda kuti asaitanidwe kukhoti kukachitira umboni wotsutsa mwamunayo kapena amayi amene iye anawabereketsa. Mu 1896 anapikisana nawo pa chisankho cha nyumba yaikulu ya malamulo ya Utah m'chipani cha Democratic, mwamuna wake ataimira cha Republican m'dera lomwelo, ndipo iye anapambana pomwe mwamunayo anagwa, motero anakhala mayi woyamba m'dziko la America kulowa m'nyumba yotere. Ali m'menemo anapititsa lamulo lokhazikitsa komiti ya boma yoona zaumoyo. Mu 1899 anachira mwana wachitatu, nyuzipepala zinalemba kuti mitala ikupitirira ngakhale mpingo unalengeza zosiya, Angus analipitsidwa chindapusa, ndipo Martha sanaimirenso pa chisankho.